Madzi onyikira nsalu musanawataye, umu ndi mmene ndimachotsera utoto pogwiritsa ntchito ulusi kuno ku Senga Bay

Ine ndimanyika nsalu kuno ku Senga Bay, tayidayi uja, zitenje, malaya ndi nsalu za patebulo zomwe timagulitsa kwa alendo obwera kunyanja komanso kwa amayi a m'magulu akafuna kuvala zofanana. Kwa nthawi yaitali madzi otsala ndikamaliza kunyika ndinkangokhuthula kuseri kwa bafa basi, mchenga wa kuno umamwa madzi pompopompo nde ndinkaona ngati nkhani yatha. Tsiku lina mayi oyandikana nawo nyumba, munthu wamkulu ndithu, anandiitana nkundionetsa madzi omwe anatunga pachitsime chawo chokumba pamanja, atawathira m'beseni loyera ankaoneka kamtundu kofiirira ngati mwagwera kadontho ka inki, iwo anangoti "mwana wanga taonani nokha, zidzukulu zanga zimamwa amenewa." Sanakalipe ayi, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Kuno madzi apansi ali pafupi kwambiri, ndipo omwe sanalowe m'chitsime mvula ikagwa amatsetsereka kupita kunyanja komwe tonse timachapa, kusamba ndi kugula usipa. Zilumba za Maleri zomwe zili kufupi ndi ife kuno ku Salima ndi mbali ya Lake Malawi National Park yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, mbuna zija, nde si malo oti tizithiramo kositiki.

Amene anandithandiza ndi alamu anga omwe anaphunzira za kemisitiri, anandiuza chinthu chimodzi chomwe chinandisintha maganizo, akuti "mlamu, chomwe chimapangitsa utoto kugwira pa nsalu yanu ndi chomwecho chingauchotse m'madzi, ingopatsani utotowo ulusi womwe umaukonda." A sayansi zimenezi amazitcha adsorption, kutanthauza kuti utoto ukukakamira pakhungu pa ulusi, sikuti wangosefedwa ngati mmene timasefera ufa ayi, utoto wosungunuka umadutsa pa sefa iliyonse ya pakhomo. Ulusi wonse womwe timaudziwa ndi polima, ndiye kuti tizidutswa tofanana tambirimbiri tolumikizana ngati mikanda pa chingwe, thonje ndi polima yachilengedwe yotchedwa selulozi, ubweya wa nkhosa nawo ndi polima, nayiloni, akiriliki ndi poliyesita ndi mapolima opangidwa kufakitale. M'malabu akuluakulu amapanga timaulusi topyapyala kuposa tsitsi kutalitali pokoka polima yosungunula ndi magetsi amphamvu, njira yake amati electrospinning, nkumatapo mankhwala okoka utoto, ndipo chomwe akufuna pamenepo nchakuti khungu la ulusi lichuluke kuti utoto upeze pokhala pambiri. Ife makina amenewo tilibe koma maganizo ake ndi omwewo, ulusi ukhale wopyapyala, wosasuka bwino, ndipo ukhale woyenerana ndi utoto wanu.

Pa kuyenerana apa mpomwe ambiri timalakwitsa nde ndikhalitsapo pang'ono. Utoto ukasungunuka m'madzi wina umakhala ndi mphamvu ya pulasi wina ya mayinasi, ngati mitu iwiri ya batire ija, ndipo zosiyana ndi zomwe zimakokana, zofanana zimakankhana. Utoto wowala kwambiri uja womwe nthawi zambiri anzathu oluka mikeka, zipewa ndi madengu a mlaza amagwiritsa ntchito, wa gulu lomwe amati basic, ndi wa pulasi, olo jivi wa kuchipatala wopaka pabala uja ali m'gulu lomweli. Umenewu umakakamira msanga pa zinthu za selulozi monga luzi la thunthu la nthochi, khonje, zotsala za nzimbe akafinya, ngakhale mankhusu a mpunga omwe ku Lifuwu amangokhala milumilu, chifukwa selulozi ikakhala m'madzi khungu lake limapendekera ku mayinasi. Koma utoto womwe ife onyika thonje timagwiritsa ntchito kwambiri, wa reactive womwe timathira soda ashi ndi mchere, ndi wa mayinasi, ndipo gawo lomwe latsala mu ndowa lagwirana kale ndi madzi moti silingamatenso pa thonje olo mutaviikamo sabata yonse. Ine ndinataya nthawi yambiri ndikuunjika masanza a thonje mu ndowa ndikudabwa kuti bwanji madzi sakuyera. Utoto umenewu, womwe unayamba kugulitsidwa mu 1956 ndi kampani ya ICI ku Britain pa dzina loti Procion, mnzake ndi nayiloni kapena ubweya, koma pokhapokha madzi akhale owawasa pang'ono ndi viniga komanso otentha, chifukwa mu asidi ndi momwe nayiloni ndi ubweya zimatenga mphamvu ya pulasi. Palinso wa direct, wa m'timapaketi wowiritsa ndi mchere uja, umenewo thonje limautengabe mukawiritsa. Ndiye pali wa vat womwe timasungunula ndi kositiki soda ndi mankhwala aufa otchedwa haidrosi, uwu uli ndi njira yakeyake ndifotokoza.

Ngati paketi yanu sinalembedwe gulu la utoto, zomwe zimachitika kawirikawiri tikagula wopimitsa m'timapepala ta pulasitiki ku Kamuzu Road kapena ku Lilongwe, yesani nokha. Tengani mabotolo agalasi asanu ndi limodzi, thirani madzi anu otsala ofanana m'botolo lililonse, atatu muthiremo viniga mpaka asiye kuchita thovu nkuwonjezera pang'ono, atatu enawo asiyeni choncho. Gulu lililonse botolo limodzi muike kansanza koyera ka thonje, lina ka nayiloni, lina luzi la nthochi. Aimikeni m'poto wa madzi otentha osatseka zivindikiro kwa ola limodzi, kenako asiyeni agone. M'mawa musangoyang'ana kansanza kokha ayi chifukwa chilichonse choviikidwa mu utoto chimaoneka chagwira, yang'anani madzi otsala m'botolo kumbuyo kwake mutaika pepala loyera, kenako tsukuluzani kansanzako muone ngati mtundu ukukhalabe. Botolo lomwe madzi ayera kwambiri ndi lomwe lakuuzani ulusi woti musake. Kuyesa kumeneku musakudumphe, ndipo mukasintha kogula utoto yesaninso.

Kopeza ulusi kuno sikovuta. Nayiloni ine ndimapeza kwa asodzi, maukonde akutha omwe amangotayidwa pagombe nkumakola mbalame ndi miyendo ya ana, ndimawapempha ndipo bambo ena amachita kundisungira. Sankhani ukonde wa ulusi wopota wofewa uja, mukaupotokola umagawika timaulusi tambirimbiri, osati woterera ngati waya wa mbedza chifukwa umenewo khungu lake ndi lochepa sutenga kanthu kwenikweni. Dulani kachidutswa muponye m'madzi nkukakanikiza kuti mpweya uchoke, nayiloni imamira, ikayandama ndiye kuti ndi pulasitiki ya mtundu wa matumba a feteleza kapena zingwe zabuluu zija, imeneyo utoto siigwira nkomwe. Poliyesita nayo imamira koma utoto wathuwu siitenga, nchifukwa chake botolo loyesera lija ndi lofunika. Pa kaunjika mumapezekanso masokosi aatali a azimayi opyapyala aja ndi majuzi a ubweya weniweni ong'ambika omwe amagulitsa motchipa, werengani kachikwangwani ka pakhosi, ubweya umatenga utoto wambiri kuposa nayiloni nde mukaupeza musausiye. Chomwe ndikupemphani, neti ya udzudzu musaigwiritse ntchito, inanyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo omwe ndi poizoni kwa nsomba, komanso ulusi wake si nayiloni nthawi zambiri.

Ukonde muuchape bwinobwino kuchotsa mchenga, ndere ndi mafuta a nsomba, muutsukuluze mpaka sopo atheretu chifukwa sopo wotsala amalimbirana malo ndi utoto, kenako muudule tizidutswa totalika ngati chala nkumasasula ndi manja mpaka ukhale ngati thonje lomwazika. Ntchito imeneyi imatopetsa zala koma kusasula ndi komwe kumapangitsa kagulu kakang'ono kugwira ntchito ya mulu waukulu. Luzi la nthochi mumapala makungwa a thunthu lomwe mwadula kale mkoko ndi mpeni wobuntha, kuliwiritsa kamodzi kuti madzi ake abulauni achoke apo ayi lidzadetsa madzi anu lokha, nkuliyanika. Ofufuza amaliviika mu asidi wa citric, yemwe amapezeka m'mandimu, nkuliumitsa kenako kulitenthetsa pafupifupi madigiri 120 kuti asidiyo amatirire ndi kuwonjezera malo a mayinasi okoka utoto wa pulasi. Amene muli ndi uvuni mutha kuyesa, koma olo losachita zimenezo limagwira ndithu.

Tsopano tsiku lonyika. Choyamba musasakanize madzi onse pamodzi, ndowa yoyamba yonyikiramo ndi kutsukuluza koyamba ndi momwe muli utoto wochuluka, amenewo asungeni paokha mu diramu ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro kuti ana ndi nkhuku asafikepo, madzi otsukuluzira komaliza omwe ndi ongotuwa pang'ono aikeni kwina. Mukasakaniza mumadzipatsa madzi ambiri oti muyeretse pachabe. Komanso pimani utoto ndi sikelo kapena supuni imodzi yomweyomweyo osati kungokhuthula, ambirife timathira wopyola muyezo poganiza kuti nsalu iwala kwambiri pomwe wapamwambawo umangothera mu ndowa, ndalama yanu yomwe. Ngati ndi wa direct, musanaganize zotaya viikanimo kaye nsalu ina kuti ituluke mtundu wofewa, alendo ambiri amakonda mitundu yoteroyo.

Amene mumagwiritsa ntchito vat mvetserani apa chifukwa pali ngozi. Madzi amenewa muli kositiki ndi haidrosi, musathiremo viniga kapena asidi aliyense adakali atsopano chifukwa amatulutsa mpweya wa salufa wotsamwitsa woti ungakupwetekeni m'chifuwa. Yambani mwawapatsa mpweya, panja poyera, mutavala magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, kuwatsanulira kuchoka ndowa iyi kupita ndowa iyo mobwerezabwereza kapena kuwavundula ndi ndodo kangapo patsiku. Mpweya umapha mphamvu ya haidrosi ndipo utoto umabwerera kukhala tinthu tosasungunuka, ngati mmene nsalu imasinthira mtundu mukaitulutsa mu ndowa muja. Asiyeni masiku awiri kapena atatu mudzapeza matope a utoto akhala pansi, tsanulani apamwambawo pang'onopang'ono kudutsa pa nsalu yothinana. Apa ulusi ntchito yake ndi kungogwira tinthu totsalira basi, nde olo masanza a thonje akwana.

Kaya ndi vat kaya reactive madzi amakhala ndi soda wambiri, oterera m'manja ngati thelere, ndipo amawotcha khungu ndi mbewu olo mtundu utachoka. Muyenera kuwafewetsa ndi viniga pang'onopang'ono mukuvundula, koma a vat pokhapokha mutawapatsa kaye mpweya. Ngati mulibe timapepala toyezera pH, muyezo wosonyeza ngati madzi ali mbali ya asidi kapena ya soda, chidede chimathandiza, viikani maluwa ake ouma m'madzi otentha mupeze madzi ofiira aja, tengani pang'ono pa madzi anu onyikira muwasungunule ndi madzi oyera mpaka mtundu wa utoto uchepe kwambiri kenako dontheziranimo chidede pa mbale yoyera yomwe simudyera, chikasanduka chobiriwira ndiye kuti soda akadalimo, chikakhalabe chofiira kapena pinki ndiye kuti mwafika mbali ya asidi. Timapepala ta pH tikapezeka gulani, ntosavuta kuwerenga, pa nayiloni mukufuna pakati pa 4 ndi 5. Viniga amalowa wambiri ndithu makamaka pa ndowa yoyamba ija, ichi ndi chifukwa chinanso chosathirira soda mosapima.

Madzi akuda kwambiri aja ine sindiyamba ndi ulusi chifukwa nayiloni imakhuta msanga, ndimayamba ndi njere za chammwamba. Mtengo umenewu kuno uli pakhomo paliponse, njere zake zouma mukachotsa makoko nkusinja zimakhala ndi puloteni ya pulasi yomwe imagwira utoto wa mayinasi nkuupanga timibulu tomwe timamira. Si nkhani yachilendo m'dziko muno, njerezi zinayesedwapo poyeretsa madzi a mumtsinje pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo zaka za m'ma 1990. Ndimasinja zodzaza dzanja pa ndowa ya malita 20, kusungunula ufawo m'kabotolo ka madzi nkukhutchumula kwambiri, kuthira mu ndowa, kuvundula mwamphamvu kanthawi kochepa kenako pang'onopang'ono mphindi khumi, nkusiya maola angapo osagwedeza. Muyezo wanu mudzaupeza poyesa m'mabotolo chifukwa utoto umasiyana, ndipo mukachulutsa ufa madzi amachita mbuu nkuyamba kununkha pakapita masiku awiri. Mtondo kapena mwala wosinjira zilibe vuto poti njere nzodyedwa, koma ndowa, ndodo ndi poto za utoto zisabwererenso kukhitchini.

Mukatsanula apamwamba aja ndi pomwe ulusi umalowa. Njira yomwe imandiyendera bwino ndi ya poto, poto wakale wamkulu pa mbaula, madzi a viniga aja, ndikuponyamo nayiloni kapena ubweya wosasula wokwanira kuti wonse umire koma uzitha kutembenuzika, kutenthetsa mpaka atsale pang'ono kuwira nkumavundula kwa theka la ola kapena kupitirira. Mudzaona ndi maso anu ulusi ukudera madzi akuyera, tsiku loyamba nditaona zimenezi ndinaitana mayi aja kuti adzaone nawo, anaima pambali pa mbaula mpaka pansi pa poto panayamba kuoneka. Mtundu ukasiya kuchepa ndiye kuti ulusi wakhuta, vuulani ikani wina. Kuti makala asakuthereni chitani zimenezi pa moto wotsala mukamaliza kunyika, kapena ikani madzi ndi ulusi m'chigubu chakuda padzuwa la kuno la mwezi wa Okutobala, zimatenga masiku koma zimayenda.

Madzi ambiri otuwa pang'ono aja ndi omwe amadutsa mu payipi. Pezani payipi ya pulasitiki yaikulu ya mamilimita 110 yotalika ngati mita imodzi, muiimike, pansi mutseke nkuikapo kampopi. Pansi penipeni timiyala, pamwamba pake mchenga wotsuka, kenako makala osinja kukula ngati njere za mpunga otsuka fumbi lake, ndipo gawo lalikulu lapamwamba ndi ulusi wanu. Makala a pambaula safika pa makala a activated omwe amagulitsa opangira zosefera madzi, koma amatolako zotsalira zomwe ulusi waphonya. Poika ulusi tsenderani pang'onopang'ono ndi ndodo makamaka m'mbali mwa payipi, chifukwa madzi ndi aulesi amafuna njira yachidule, akapeza mpata m'mbali onse adzadutsa momwemo ulusi wapakati osaukhudza, mudzachita kuona mukamasula kuti m'mbali mwada pakati mpoyera. Kampopi katseguleni kuti madzi azingodontha, osati kuthamanga, ndipo ulusi uzikhala womira nthawi zonse. Mu payipi yozizira nayiloni imagwira mochedwa kusiyana ndi m'poto nde kudekha nkofunika, pomwe luzi la nthochi ndi utoto wa pulasi zimagwirana msanga olo madzi ali ozizira, anzanga a mikeka inu payipi yokha ikukwanirani.

Ndi bwino kukhala ndi mapayipi awiri, madzi otuluka mu yoyamba azilowa mu yachiwiri. Tsiku lililonse tungani pang'ono potulukira pa yoyamba muone pa pepala loyera, mtundu ukayamba kuonekera ndiye kuti ulusi wakhuta kuyambira pamwamba mpaka pansi, chotsani, yachiwiri ija ibwere kutsogolo, yatsopano ipite kumbuyo. Mukatero ulusi umagwira ntchito mpaka kukhutiratu ndipo utoto sukupulumukani.

Ulusi wokhuta ndi matope aja utoto wonse uli mmenemo, mukataya padzala mvula idzaubweza komwe munauchotsa. Musawotche, nayiloni, ubweya makamaka akiriliki zikamapsa utsi wake umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa sayanayidi. Kumafakitale amatsuka ulusi ndi mankhwala kuti augwiritsenso ntchito koma pakhomo musayese chifukwa mudzangopeza ndowa ina ya utoto wakuda yosowa kopita nayo. Nayiloni yomwe yagwira utoto m'poto wotentha ndimaitsukuluza, madziwo nkubwezera mu diramu, ngati sikusukuluka ndimaiika mkati mwa zopondera pakhomo, osati mapilo kapena zidole za ana. Matope ndimayanika pa pepala la pulasitiki pamalo otchinga pomwe mbuzi ndi nkhuku sizifika, akauma ndimasunga m'chidebe chotseka, ndipo tikamaumba timabuloko ta simenti ta mpanda timasakanizamo pang'onopang'ono kuti atsekeredwe mkati. Potola ufa wouma uja valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, chimodzimodzi popima utoto waufa. Utoto wina wa gulu la azo ukaphwanyika umatulutsa mankhwala oyambitsa khansa, nchifukwa chake mayiko a European Union anaikapo chiletso pa ina mwa mitundu imeneyi pa zovala mu 2002. Ngati muli gulu lalikulu lonyika tsiku ndi tsiku pitani ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma akuuzeni kotaya, lamulo la Environment Management Act la 2017 ndi la Water Resources Act la 2013 amaletsa kuipitsa madzi, ndipo sakunena mafakitale okha.

Madzi otuluka mu payipi olo ataoneka oyera ngati a pamjigo si akumwa, si ophikira, si omwetsa ziweto, ndipo musathirire ndiwo zamasamba. Mchere wonse womwe munathira ponyika ukadali momwemo, ulusi suchotsa mchere. Ine ndimawagwiritsa ntchito kutsukuluza koyamba nsalu za ulendo wotsatira, kutsuka ndowa za utoto ndi kupondera dothi la njerwa, otsala ndimathira m'dzenje lomwe tinakumba kumtunda kwa pulotiyo nkuikamo makala ndi miyala, patali mamita oposa 30 kuchokera pachitsime chilichonse ngati mmene alangizi a zaumoyo amanenera za chimbudzi. Nyengo ya mvula madzi apansi akakwera dzenjelo ndimalitseka, madzi amadikira mu diramu mpaka nthaka iume.